Mafunso a Owerenga: Chinasonkhanitsa Myuda, Mgriki ndi Kapolo mu Mpingo Umodzi N'chiyani?

Mwezi uno makalata asanu mwa amene talandira akukhudza nkhani imodzi, ya mmene uthenga wa Akhristu oyambirira unakokera anthu a mitundu yosiyana ndi a maudindo osiyana, choncho tawayankha pamodzi. Mafunsowo tawafupikitsa chifukwa cha kuchepa kwa malo.

Funso: Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakonda kuwerenga mbiri yakale. Alaliki amatiuza kawirikawiri kuti mu mpingo woyamba Myuda ndi Mgriki, kapolo ndi mfulu, wolemera ndi wosauka ankapembedza pamodzi. Kodi zimenezi zili ndi umboni kunja kwa Baibulo, kapena ndi mawu ongokometsera ulaliki? Ngati n'zoona, chinawakoka anthuwo n'chiyani, poti kutchedwa Mkhristu masiku amenewo kunali kudziitanira mavuto? (Bambo wa ku Zomba)

Yankho: Bambo, umboni ulipo, ndipo wamphamvu kwambiri ndi umene unachokera kwa anthu amene sankawafunira zabwino Akhristu. Cha m'ma 112 Yesu atabadwa, Pliny, bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia ndi Pontus, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Turkey, analembera kalata Trajan, mfumu yaikulu ya Aroma, yopempha nzeru za mmene angaweruzire milandu ya Akhristu. M'kalatamo anadandaula kuti oimbidwa mlandu ndi ochuluka, a misinkhu yonse, a maudindo onse, amuna ndi akazi omwe, komanso kuti chikhulupirirocho, chimene iye ankachiona ngati mliri, chafalikira m'mizinda mpaka kumidzi. Ena mwa amene anawagwira anali nzika za Roma, ndipo amenewo anawalemba m'kaundula kuti atumizidwe ku likulu. Koma pofuna kudziwa zenizeni zochitika pa misonkhano yawo, anazunza akazi awiri amene anali akapolo, ndipo iye mwini analemba kuti Akhristu anzawo ankawatcha atumiki. Mukaiwerenga mofatsa kalatayi muona kuti m'gulu limodzi munali munthu wokhala ndi ufulu wokaweruzidwa ku Roma, munalinso mdzakazi amene lamulo linkalola kuti afunsidwe mafunso akuzunzidwa, ndipo mdzakaziyo ndiye anali ndi udindo mumpingomo.

Patapita zaka pafupifupi 65, katswiri wina wa nzeru za Agriki dzina lake Celsus analemba zonyoza Akhristu, ponena kuti aphunzitsi awo ndi owomba nsalu zaubweya, osoka nsapato ndi ochapa zovala, anthu osaphunzira amene amangokopa akazi, ana ndi akapolo. Mawu akewo tikuwadziwa chifukwa Origen wa ku Alexandria anawabwereza powayankha cha m'ma 248. Komatu cha m'nthawi ya Celsus yomweyo mpingo unalinso ndi anthu ngati Justin, munthu wophunzira wobadwira m'dera la Samariya, amene ankaphunzitsa mu mzinda wa Roma. Tsiku limene anaweruzidwa kuti aphedwe, cha m'ma 165, anaimirira pamodzi ndi anzake asanu ndi mmodzi, ndipo mmodzi wa iwo, Euelpistus, anauza woweruza kuti iye ndi kapolo wa Kaisara ndipo makolo ake ali ku Kapadokiya.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, kumbukirani kuti anthu a mu ufumu wa Aroma anali osanjikizana, aliyense pamalo pake. Pa bwalo la masewero akuluakulu a boma ankakhala kutsogolo, osauka kumbuyo. Pa phwando la munthu wolemera zinkachitika kuti alendo olemekezeka apatsidwa nyama ndi vinyo wabwino, pamene otsika apatsidwa zawamba, m'chipinda chomwecho. Kapolo anali katundu wa mbuye wake, ukwati wake sunkadziwika pa lamulo, ndipo ana obadwa kwa mdzakazi anali chuma cha mwini nyumba. Pakati pa Ayuda ndi mitundu ina panali mdulidwe, Sabata ndi malamulo a zakudya. Ku Kachisi wa ku Yerusalemu kunali mpanda wokhala ndi miyala yolembedwa yochenjeza kuti munthu wa mtundu wina akadutsa pamenepo adziphetsa yekha, ndipo mwala umodzi wotere, wolembedwa m'Chigriki, unapezeka mu 1871 ndipo ukusungidwa ku Istanbul. Chipembedzo nachonso chinali chobadwa nacho, chifukwa mzinda uliwonse unali ndi milungu yake ndipo banja lililonse linali ndi nsembe zake.

M'dziko lotereli uthenga unafika wakuti Mulungu ndi mmodzi, Mlengi wa mitundu yonse, ndipo aliyense angalowe m'banja lake mwa kukhulupirira Yesu ndi kubatizidwa. Oyamba kuulandira mwa amitundu anali anthu amene ankasonkhana kale m'masunagoge a Ayuda, okonda Mulungu wa Israyeli ndi malamulo ake a makhalidwe, koma osafuna kudulidwa, motero ankakhala ngati alendo osatha. Korneliyo, mkulu wa asilikali wa ku Kaisareya, anali wotere. Pamene atumwi ndi akulu anagwirizana ku Yerusalemu, cha m'ma 49, kuti amitundu asakakamizidwe mdulidwe, anthu amenewa anakhala eni nyumba mokwanira. Onaninso kuti mdulidwe unali wa amuna okha, pamene madzi a ubatizo anali amodzi kwa mwamuna ndi mkazi, kwa mbuye ndi kapolo wake. Mawu a pa Agalatiya 3:28, akuti mwa Khristu mulibe Myuda kapena Mgriki, kapolo kapena mfulu, mwamuna kapena mkazi, akatswiri ambiri amaona kuti ankanenedwa pa mwambo wa ubatizo weniweniwo.

Chinanso chimene ife timachiiwala chifukwa cha kuzolowera mtanda ndi chakuti kupachikidwa chinali chilango cha akapolo ndi oukira boma, imfa yamanyazi imene nzika ya Roma kawirikawiri sinkapatsidwa. Kapolo wa ku Filipi akamva kalata ya Paulo ikuwerengedwa, yonena kuti Khristu anatenga maonekedwe a kapolo nadzichepetsa mpaka imfa ya pamtanda, ndipo Mulungu anamukweza pamwamba pa onse, ankamva za Ambuye amene anafa imfa ya anthu a mtundu wake. Ophunzira anakopeka ndi zina. Justin analemba kuti ali wotsatira wa nzeru za Plato ankamva Akhristu akunenezedwa zoipa zambiri, koma ataona mmene ankafera mopanda mantha anazindikira kuti anthu okonda zoipa ndi zokondweretsa thupi sangafe chotero.

Koma m'kuona kwanga, Bambo, chimene chinapangitsa kuti uthengawo ukhulupirike ndi chakudya. Petro atabwerera ku Yerusalemu kuchokera kwa Korneliyo, mlandu umene abale anamuimba unali wakuti analowa m'nyumba ya anthu osadulidwa nadya nawo (Machitidwe 11:3). Ife amene timadziwa tanthauzo la kusamba m'manja m'beseni limodzi ndi kutema nsima m'mbale imodzi sitingavutike kumvetsa chifukwa chake nkhaniyi inali yaikulu. Mpingo wa zaka zoyambirira unalibe nyumba zopempherera. Anthu ankasonkhana m'nyumba ya mmodzi wa iwo, ndipo pachimake pa msonkhano panali kudya ndi kunyema mkate, atapatsana moni wa mpsompsono umene mwa chizolowezi unali wa pachibale. Justin, polembera mfumu cha m'ma 155, ananena kuti iwo amene kale ankadana ndi kuphana, osafuna n'kuothera moto umodzi ndi anthu a fuko lina chifukwa cha kusiyana miyambo, tsopano akukhalira pamodzi ndi kupempherera adani awo.

Zimenezi zinagwira mtima makamaka m'mizinda ikuluikulu, mmene munadzaza anthu obwera, osiya abale kutali. Akwila anali Myuda wobadwira ku Ponto, iye ndi mkazi wake Priska anathamangitsidwa ku Roma pamene mfumu Claudius inachotsa Ayuda mumzindamo, anakasoka mahema ku Korinto, anasamukira ku Efeso, kenako n'kubwereranso ku Roma, ndipo kumene ankakhala nyumba yawo inkasanduka posonkhanira mpingo. Ku Filipi oyamba kubatizidwa anali Lidiya wa ku Tiyatira, wogulitsa nsalu zofiirira zamtengo wapatali, ndi woyang'anira ndende, aliyense ndi a m'nyumba yake. Mkhristu wapaulendo ankanyamula kalata yomudziwitsa, monga mmene Paulo anachitira ndi Febe wa ku Kenkreya, ndipo akafika mumzinda wachilendo ankapeza pogona, omuthandiza kupeza ntchito, omudwazika, ngakhalenso omuika m'manda mwaulemu.

Funso: Kumpingo kwathu timaimba kuti ndife amodzi mwa Ambuye, koma ikafika nthawi yosankha atsogoleri anthu amayang'ana kumene munthu akuchokera ndi kulemera kwa thumba lake. Kodi Akhristu oyamba aja analibe vuto limeneli? (Mayi wa ku Kawale, Lilongwe)

Yankho: Mayi, anali nalo, ndipo olemba Chipangano Chatsopano sanalibise. Mkangano woyamba wolembedwa mu mpingo wa ku Yerusalemu unali wa chilankhulo ndi chakudya. Okhulupirira olankhula Chigriki anadandaula kuti amasiye awo akumanidwa pa kagawidwe ka tsiku ndi tsiku, pamene amasiye a olankhula Chihebri akulandira (Machitidwe 6). Atumwi sanauze odandaulawo kuti akhale chete pofuna kusunga mtendere. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri oyang'anira ntchitoyo, ndipo mukawerenga mayina a osankhidwawo, Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timo, Parmena ndi Nikolao, mupeza kuti onse ndi mayina a Chigriki, pamene womalizayo sanali Myuda wobadwa komanso anali wa ku Antiokeya. Zikuoneka kuti nkhokwe inaperekedwa m'manja mwa anthu a mbali imene inkamanidwa, ndipo ndikuona kuti apa pali phunziro limene mipingo yathu siinalimvetsebe.

Ku Antiokeya, kumene okhulupirira anayamba kutchedwa Akhristu, atsogoleri anali osakanikirana kwambiri: Barnaba Mlevi wa ku Kupro, Simeoni wotchedwa Nigeri, Lukiyo wa ku Kurene, Manaeni amene analeredwa pamodzi ndi mfumu Herode, ndi Saulo wa ku Tariso. Komabe mu mzinda womwewo Petro, amene ankadya bwinobwino ndi amitundu, anayamba kudzipatula atafika alendo ochokera kwa Yakobo, ndipo Ayuda ena anamutsatira, ngakhale Barnaba yemwe. Paulo akusimba pa Agalatiya 2 kuti anamudzudzula maso ndi maso pamaso pa onse. Iye anaona kuti ngati mpingo uyamba kudyera m'magulu awiri, amitundu adzamva kuti ubatizo wawo ndi wosakwanira, ngakhale wina asawauze ndi pakamwa.

Ku Korinto chogawanitsa chinali chuma. Paulo anawakumbutsa kuti pakati pawo anzeru, amphamvu ndi obadwira m'mabanja omveka sanali ambiri, kusonyeza kuti analipo ndithu ochepa, monga Erasto msungichuma wa mzinda, Krispo amene anali mkulu wa sunagoge, ndi Gayo amene nyumba yake inkalandira mpingo wonse. Masiku amenewo Lamulungu silinali tsiku lopuma, popeza lamulo lotero linabwera ndi mfumu Constantine mu 321, choncho akapolo ndi aganyu ankafika mochedwa ataweruka ku ntchito, n'kupeza olemera adya kale zawo. Wina ankakhala ndi njala pamene wina waledzera. Paulo anawalembera cha m'ma 54 kapena 55 kuti chimene akudyacho si Mgonero wa Ambuye ayi, kuti akunyoza mpingo wa Mulungu ndi kuchititsa manyazi amene alibe kanthu, ndipo anawalamula kuti azidikirana. Kalata ya Yakobo nayo imadzudzula msonkhano umene umapatsa mpando wabwino munthu wovala mphete yagolide, n'kuuza wosauka kuti aimirire kapena akhale pansi.

Paulo yemweyo anatha zaka zingapo akusonkhetsa ndalama m'mipingo ya amitundu ya ku Galatiya, Makedoniya ndi Akaya kuti zikathandize okhulupirira osauka a Chiyuda ku Yerusalemu, anthu amene operekawo anali asanawaonepo. Anapita nazo iye mwini pamodzi ndi nthumwi za mipingoyo akudziwa kuti moyo wake uli pachiswe, ndipo ulendo umenewo ndi umene anamangidwira.

Pali mbali yomvetsa chisoni imene siyenera kusiyidwa. Amitundu atachuluka, makamaka Yerusalemu atawonongedwa mu 70 ndiponso nkhondo ina itatha mu 135, Akhristu a Chiyuda ndiwo anayamba kukankhidwira kumbali. Justin ankavomereza kuti Myuda wokhulupirira Yesu angapitirize kusunga malamulo a Mose malinga asakakamize ena, koma iye mwini anatchula kuti Akhristu ena ankakana kuyanjana ndi anthu otere. Pofika m'zaka za 386 ndi 387, mu Antiokeya momwemo, mlaliki wotchuka John Chrysostom analalikira mawu owawa kwambiri onyoza Ayuda. Choncho, Mayi, chimene mukuchiona kumpingo kwanu n'chakale, ndipo muli ndi malemba okwanira oti muchitchulire poyera pa msonkhano, mwaulemu koma mosabisa.

Funso: Kuno ku Nkhotakota mbiri ya malonda a akapolo sitiiiwala. Ngati mpingo woyamba unkaphunzitsa kuti kapolo ndi mfulu ndi amodzi, n'chifukwa chiyani sunathetse ukapolo, m'malo mwake n'kumauza akapolo kuti azimvera ambuye awo? (Wophunzira wa sekondale, Nkhotakota)

Yankho: Funso lanu ndi lolemera ndipo siliyenera kuyankhidwa mozemba. N'zoona kuti atumwi sanalamule kuti akapolo onse amasulidwe, n'zoonanso kuti mavesi a pa Aefeso 6 ndi Akolose 3 anagwiritsidwa ntchito m'zaka zambiri zotsatira ndi anthu odzitcha Akhristu poikira kumbuyo nkhanza zosaneneka. Akhristu a zaka 200 zoyambirira anali kagulu kochepa kopanda mawu m'boma, ndipo Aroma ankapondereza kuukira kwa akapolo mopanda chifundo, monga anachitira mu 71 Yesu asanabadwe, pamene anapachika otsatira a Spartacus okwana 6,000 m'mbali mwa msewu wopita ku Roma. Zimenezi zikutithandiza kumvetsa nthawiyo, koma sizichotsa mlandu wa mibadwo ya pambuyo pake imene inali ndi mphamvu zosinthira malamulo n'kuzengereza.

Chimene chinasintha msanga ndi mmene kapolo ankaonedwera mkati mwa mpingo. Pobweza Onesimo kwa mbuye wake Filemoni, Paulo analemba kuti amulandire osatinso monga kapolo koma monga mbale wokondedwa, amulandire ngati akulandira Paulo yemwe, ndipo ngati pali ngongole iwerengedwe kwa iye. Kalatayo inalembedwa kwa Filemoni pamodzi ndi mpingo wa m'nyumba mwake, motero inawerengedwa anthu onse akumva. Pa 1 Timoteo 1:10 oba anthu n'kuwagulitsa aikidwa m'gulu limodzi ndi akupha. Kalata ina yochokera ku mpingo wa ku Roma kupita ku Korinto, ya cha m'ma 96, imanena za Akhristu ambiri amene anadzipereka kumangidwa kuti awombole anzawo, ndi ena amene anadzigulitsa ukapolo kuti ndalamazo zidyetse osowa.

Umboni wogwira mtima uli m'nkhani za ofera chikhulupiriro. Mu 177, mu mzinda wa Lyon, m'dziko limene lero ndi France, Akhristu ambiri anagwidwa, ndipo pakati pawo panali mdzakazi dzina lake Blandina pamodzi ndi mayi amene anali mbuye wake. Mayiyo ankaopa kuti mtsikanayo, pokhala wofooka thupi, sadzapirira. Koma Blandina anazunzidwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ozunzawo akusinthana mpaka kutopa, iye akungobwereza kuti ndi Mkhristu ndipo pakati pawo sipachitika choipa. Kalata imene mpingo wa kumeneko unalemba inasunga dzina la kapoloyo, pamene dzina la mbuye wake sinalitchule. M'gulu lomwelo munali dikoni wina, Sanctus, amene atafunsidwa dzina lake, mtundu wake, mzinda wa kwawo, ndiponso ngati ali kapolo kapena mfulu, funso lililonse analiyankha ndi mawu amodzimodzi akuti ndine Mkhristu.

Mu 203 ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, Perpetua, mayi wa m'banja lolemekezeka wa zaka pafupifupi 22 amene anali ndi mwana woyamwa, anamangidwa pamodzi ndi Felicitas, kapolo amene anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu ndipo anachirira m'ndende momwemo. M'bwalo la masewero ng'ombe yolusa itawagunda onse awiri, Perpetua anadzuka n'kupita kukagwira dzanja la Felicitas ndi kumuimiritsa, ndipo asanaphedwe ndi lupanga iwo ndi anzawo anapatsana mpsompsono wa mtendere khamu lonse likuona. Mayina awiriwa akhala akutchulidwa pamodzi m'mapemphero a mpingo kuyambira kalekale.

Kapolo ankathanso kufika pa udindo waukulu. Callistus anali kapolo, anagwirapo ukaidi m'migodi ya pa chilumba cha Sardinia, ndipo mu 217 anakhala bishopu wa Roma. Iye analola kuti akazi a m'mabanja apamwamba akwatiwe ndi akapolo kapena omasulidwa ndipo mpingo uuone ukwatiwo kuti ndi weniweni, ngakhale lamulo la boma silinkauvomereza, ndipo anadzudzulidwa nazo kwambiri ndi atsogoleri anzake. Mawu otsutsiratu ukapolo wonse anamveka chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, pamene Gregory wa ku Nyssa anafunsa mu ulaliki wake kuti munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu angagulidwe ndi ndalama zingati. Mawu akewo anali olondola, koma omumvera anali ochepa.

Funso: Anzanga kuntchito amati Chikhristu ndi chipembedzo cha Azungu chimene chinangobwera ndi atsamunda. Kodi mu mpingo woyamba munali anthu a ku Africa? (Bambo wokhala ku Johannesburg)

Yankho: Analimo kuyambira pachiyambi, Bambo. Simoni amene anasenza mtanda wa Yesu anali wa ku Kurene, m'dziko limene lero ndi Libya, ndipo Marko amatchula mayina a ana ake, Alesandro ndi Rufo, ngati anthu odziwika kwa owerenga ake. Mdindo amene Filipo anamubatiza pa msewu wa ku Gaza anali msungichuma wa Kandake, dzina la udindo la mafumu aakazi a ku Meroe, kumpoto kwa Sudan ya lero, ndipo pokhala wofulidwa malamulo a Mose sankamulola kulowa mokwanira mu msonkhano wa Israyeli, n'chifukwa chake funso lake lakuti chindiletsa n'chiyani kubatizidwa linali lochokera pansi pa mtima. Oyamba kulalikira kwa Agriki ku Antiokeya anali amuna a ku Kupro ndi ku Kurene. Pa 17 July mu 180, Akhristu 12 a m'tauni ya Scillium anaphedwa ku Carthage, ena a iwo ali ndi mayina a eni nthaka monga Nartzalus ndi Cittinus, ndipo patangopita zaka zochepa Victor, wochokera kumpoto kwa Africa, anakhala bishopu wa Roma. Ezana, mfumu ya Aksum ku Ethiopia, analandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300 n'kuika mtanda pa ndalama zake, nthawi imene mitundu yambiri ya kumpoto kwa Ulaya inali isanamve n'komwe. N'zoona kuti kwathu kuno uthengawu unafika kudzera mwa amishoni a ku Ulaya, ndipo mbiri ya utsamunda ili ndi milandu yake yoyenera kukambidwa payokha.

Funso: Kodi osauka aja sankangolowa mpingo chifukwa chotsata chakudya ndi thandizo, monga timaonera anthu ena masiku ano? (Mayi wa ku Balaka)

Yankho: Otere analipo, Mayi, ndipo mpingo unkawadziwa. Kabuku kakale ka malangizo a mpingo kotchedwa Didache kamalamula kuti mlendo wodutsa athandizidwe masiku awiri kapena atatu, ndipo akafuna kukhazikika agwire ntchito ya manja ake, pakuti wokana kutero akuchita malonda ndi dzina la Khristu. Wolemba wina wachikunja, Lucian, anaseka Akhristu kuti munthu wochenjera angathe kulemera nawo m'kanthawi kochepa, chifukwa amakhulupirira kuti onse ndi abale ndipo chuma chawo sachiumira.

Thandizolo linalidi lalikulu ndi ladongosolo. Tertullian wa ku Carthage analemba mu 197 kuti aliyense ankaponya kangachepe m'bokosi kamodzi pa mwezi, mosakakamizidwa, ndipo ndalamazo zinkadyetsa ndi kuika maliro a osauka, kulera ana amasiye, kusamala okalamba, opulumuka pa ngozi za panyanja ndi omangidwa m'migodi ndi m'ndende. Mu 251 bishopu Cornelius analemba kuti mpingo wa ku Roma ukusamala amasiye ndi ovutika oposa 1,500. M'zaka zomwezo bishopu Cyprian wa ku Carthage anasonkhetsa ndalama za Chiroma zotchedwa sesterces zokwana 100,000 zowombolera Akhristu a ku Numidia, chigawo cha kumpoto kwa Africa, amene anagwidwa ndi achifwamba. Mliri woopsa utagwa, Dionysius wa ku Alexandria anasimba kuti anthu ambiri ankataya odwala awo m'misewu asanamwalire, pamene Akhristu ankawadwazika, kutsuka mitembo ndi kuiika, ndipo ambiri a iwo anatenga nthendayo n'kufa. Cyprian analimbikitsa anthu ake kuti chisamalirocho chifikire ngakhale amene ankawazunza. Akhristu ankakananso mchitidwe wotaya makanda osafunidwa, umene unkagwera kwambiri ana aakazi.

Komabe kumbukirani kuti mpaka chaka cha 313 munthu wobatizidwa ankatha kulandidwa katundu, kutayidwa ndi abale kapena kuphedwa, ndipo asanabatizidwe ankaphunzitsidwa nthawi yaitali, m'malo ena mpaka zaka zitatu, akufufuzidwa makhalidwe ndi ntchito imene amagwira. Wongofuna mkate anali ndi njira zosavuta kuposa imeneyi. Komanso Perpetua, Lidiya kapena Cyprian, amene anagulitsa minda yake n'kugawira osauka, sanalowe mpingo chifukwa cha njala. Sindikuona chifukwa chonyozera mayi wamasiye amene anayamba kumvetsera uthenga chifukwa anthu osakhala abale ake anamudyetsa, pakuti kwa iye chakudyacho ndicho chinamutsimikizira kuti mawu akuti mlongo wathu sakunenedwa mwamwambo chabe.

Amene anazindikira bwino mphamvu ya zimenezi ndi Julian, mfumu yaikulu ya Aroma, yemwe analeredwa m'Chikhristu koma anabwerera ku milungu yakale nafuna kuiutsanso. Mu 362 analembera Arsacius, mkulu wa ansembe achikunja a ku Galatiya, kuti chimene chakuza Chikhristu ndi chifundo chawo kwa alendo, kusamala manda a akufa ndi kudziletsa kwa moyo wawo, kumene iye ankati n'kwachiphamaso. Ananenanso kuti n'zamanyazi kuti Agalileya, monga ankawatchulira, akudyetsa osauka awo ndi osauka a akunja omwe. Analamula kuti m'mizinda mumangidwe nyumba za alendo zolandira aliyense wosowa, ndipo anapereka tirigu ndi vinyo wa boma woti azigawidwa chaka ndi chaka m'chigawocho. Julian anafa pa nkhondo yolimbana ndi Aperisiya mu 363, ndipo dongosolo lakelo silinapitirire.